Contract ya escrow yopangidwa pa webusaiti: ndiyiike pa netiweki iti?

Mphatso: Moni nonse a pagulu pano, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndikumanga webusaiti yoti anthu ogwira ntchito pa intaneti, monga ojambula ma logo, omasulira ndi olemba code, azilandirirapo malipiro kuchokera kwa makasitomala akunja. Vuto ndi lodziwika lija: kasitomala safuna kulipira asanaone ntchito, wantchito naye safuna kupereka ntchito asanaone ndalama. Ndiye ndikufuna kuti awiriwa akagwirizana, kasitomala adine batani pa webusaiti, wallet yake isayine, contract ya escrow, kapulogalamu ka pa blockchain kosunga ndalama mpaka ntchito itatha, ipangidwe, iye aikemo USDC, ndalama ya crypto yomwe mtengo wake umatsatira dola ya ku America. Ntchito ikavomerezedwa ndalama zipite kwa wantchito. Akasemphana, munthu wachitatu amene anamusankha onse awiri aweruze. Contract ndalemba kale mu Solidity ndipo ikuyenda bwino pa Hardhat. Webusaiti ndi ya React ndi ethers.js. Chandiimitsa ndi ichi: ndiyiike pati? Ethereum yeniyeni, Polygon, Base, Arbitrum, BNB Chain kapena Celo? Kapena ndiike kabokosi koti aliyense azisankha yekha? Ntchito zambiri zizikhala za madola 30 mpaka 300.

Kondwani: Aise, Solana basi, osavutikanso. Malipiro ake safika ndi senti imodzi, ndipo transaction imadutsa usanaphethire. USDC iliponso kumeneko.

Thoko: Kondwani, wawerenga kuti mnzako walemba kale mu Solidity? Solana siyendera EVM, makina a Ethereum oyendetsa ma contract a Solidity. Akapita kumeneko ayambirenso mu Rust, mwina ndi Anchor, asiye ethers.js, aphunzirenso kaganizidwe ka ma account. Solana ndi netiweki yabwino kwa amene akuidziwa, koma contract yosunga ndalama za anthu suilemba m'chilankhulo chomwe ukungochiphunzira kumene.

Kondwani: Rust amaphunzira anthu, chemwali. Si zamatsenga.

Thoko: Amaphunzira ndithu, ndipo ndingakondwe ataphunzira. Koma aphunzirire pa zinthu zopanda ndalama za eni.

Yamikani: Tisanakangane za mayina a ma netiweki, tiwerengetsere kaye. Mphatso, bytecode ya contract yako, code yomwe imatuluka mu compiler ija, ndi yaikulu bwanji?

Mphatso: Pafupifupi ma byte 6,000, achimwene.

Yamikani: Chabwino. Pa Ethereum umalipira gas, muyeso wa ntchito yomwe netiweki yakugwirira, ndipo transaction iliyonse imayambira pa gas 21,000. Kupanga contract kumawonjezera 32,000. Kenako byte iliyonse ya code yomwe itsale pa blockchain ndi gas 200, ndiye ma byte 6,000 akupatsa 1,200,000. Kutumiza ma byte omwewo mu transaction kumadya mpaka 16 pa byte, ndi zina pafupifupi 96,000. Tisanawerenge zomwe constructor yako ikusunga, pomwe malo atsopano aliwonse ndi 20,000 kapena kupitirirapo, wafika kale pa 1.35 miliyoni. Tiyerekeze kuti gas ili pa 10 gwei, tizigawo ting'onoting'ono ta ETH, ndalama ya Ethereum: ndi 0.0135 ETH. ETH itakhala pa madola 3,000, ndi madola 40. Ntchito ya madola 30, escrow yake madola 40. Pali masiku amene gas imatsika pansi pa 1 gwei ndipo zimaoneka ngati zotheka, koma mtengowo sunena kuti mawa ukwera. Kasitomala amene lero walipira dola imodzi, sabata ya mawa aona 25, sabweranso. Ethereum yeniyeni uyichotse pa mndandanda.

Madalitso: Ine ndikanakhalabe pa Ethereum yeniyeni. Yakhala ikuyenda kuyambira July 2015, ili ndi otsimikizira ochuluka kwambiri, palibe kampani imodzi yomwe ingaizimitse. Zinazi zonse zimatsamira pa iyoyo kapena pa anthu ochepa.

Yamikani: Za chitetezo sindikukutsutsa, Madalitso. Akanakhala kuti akusunga mamiliyoni ndikanakuvomera. Koma chitetezo chomwe mtengo wake ukuposa ndalama zotetezedwazo palibe amene angachigule.

Thoko: Ine chandikhudza kwambiri si netiweki koma mawu akuti "contract ipangidwe" pa mgwirizano uliwonse. Mphatso, ukutanthauza kuti browser izitumiza bytecode yonse ndi ContractFactory ya ethers nthawi iliyonse?

Mphatso: Eya, ndi mmene ndapangira pano. Bytecode ndi ABI zili mu fayilo ya JSON, webusaiti imazitenga mmenemo.

Thoko: Apo pali mavuto awiri. Loyamba ndi la mtengo lomwe Yamikani wawerengetsera. Lachiwiri ndi loopsa kuposa. Wantchito adziwa bwanji kuti contract imene kasitomala wamuonetsa ndi yako yeniyeni? Kasitomala wachinyengo akhoza kutenga code yako, kuwonjezera kanjira kobwezera ndalama kwa iye mwini, kupanga deploy payekha, n'kutumizira wantchito adiresi. Ndalama zikuoneka kuti zilimo, mnzathu akugwira ntchito sabata ziwiri, tsiku lomaliza mulibe kanthu. Komanso wina akathyola seva yako n'kusintha fayilo ya JSON ija, makasitomala onse azisayina code yomwe sukuidziwa, ndipo wallet ya MetaMask izingowaonetsa kuti akupanga contract yatsopano, osanena kuti mkatimo muli chiyani.

Njira yomwe ambiri amatsata ndi factory. Iweyo umapanga deploy kamodzi kokha, kuchokera pa kompyuta yako ndi Hardhat kapena Foundry: contract ya escrow imodzi ngati chitsanzo, ndi factory. Webusaiti imangoitana function ya pa factory, tinene createEscrow, ndipo factory imapanga clone ya EIP-1167. Clone imeneyo ndi ma byte 45 okha, ntchito yake ndi kutumiza zonse ku contract yachitsanzo ija kudzera mu delegatecall, koma ndalama ndi zosunga zake zimakhala zakezake. Ma byte 45 ndi gas 9,000, kuphatikiza 32,000 ija, ndiye pafupifupi 41,000 tisanawerenge zosunga. Yerekeza ndi 1.35 miliyoni. OpenZeppelin ili nayo kale library yake, dzina lake Clones. Factory izilemba adiresi ya clone iliyonse ndi kutulutsa event, kuti webusaiti ikafuna kuonetsa wantchito escrow, iyambe yafunsa factory ngati imeneyi inachokeradi kwa iyo.

Dalitso (admin): Ndiwonjezere funso. Bwanji osangokhala ndi contract imodzi yokhala ndi mapping ya migwirizano yonse? Palibe clone, palibe deploy, kungolemba mzere watsopano. N'zotchipa kuposa zonse.

Thoko: N'zotheka bwana admin, ndipo ambiri amatero. Kusiyana kwake ndi koti ndalama za anthu onse zimakhala malo amodzi. Cholakwika chimodzi pa kawerengedwe, wakuba amasesa zonse ndi transaction imodzi. Ndi ma clone mgwirizano uliwonse uli ndi adiresi yakeyake, wantchito akhoza kutsegula explorer, tsamba loonerapo za pa blockchain, n'kuona yekha kuti madola 150 ake alimo. Kwa anthu amene sakhulupirirana, kuona ndi maso kumeneku n'kofunika. Koma ma clone nawo ali ndi msampha wake. Mu November 2017 ma wallet a multisig a Parity, ofuna kuti anthu angapo asayine, ankadalira library imodzi chimodzimodzi. Library imeneyo inasiyidwa yopanda mwini, munthu wina anaiitana n'kukhala mwini wake, kenako anaifafaniza. ETH yopitirira 500,000 inatsekeredwa mpaka lero. Ndiye mu constructor ya contract yachitsanzo uitane _disableInitializers, ndipo factory ipange clone ndi kuyambitsa initialize mu transaction yomweyo. Ukasiya mpata pakati pa ziwirizi, wina alowerera n'kudziika yekha kukhala wolandira.

Mphatso: Izi zokha zandithandiza kale kwambiri, chemwali. Ndisintha. Koma funso la netiweki lidakalipo. Tikachotsa Ethereum ndi Solana, zotsalazo mtengo wake ndi wofanana?

Yamikani: Pa ntchito yako, inde, n'zofanana. Kuyambira pa 13 March 2024, pamene Ethereum inalandira kusintha kwa Dencun, ma L2, ma netiweki omangidwa pamwamba pa Ethereum, anayamba kulemba data yawo m'malo otchipa otchedwa ma blob ndipo mitengo inagwa kwambiri. Pa Base, Arbitrum ndi Optimism kupanga clone kumadya masenti ochepa, nthawi zambiri osafika n'komwe pamenepo. Polygon, BNB Chain ndi Celo nazonso ndi zotchipa. Ukamasankha poyerekeza theka la senti ndi senti imodzi, ukutaya nthawi.

Chisomo: Ndiloleni ndilankhule ngati munthu amene angadzagwiritse ntchito chinthuchi, chifukwa ine code sindilemba, ndimamasulira zolemba kuno ku Chipata. Kasitomala wina anandilipirapo mu USDC. Ndinatsegula wallet, ndalama ndikuziona bwinobwino, madola 80. Ndikuti nditumize kwa munthu woti andipatse makwacha, batani lakana, akuti ndilibe ndalama ya gas. Ndili ndi madola 80, koma sindingawasunthe chifukwa ndilibe kandalama ka mtundu wina kosafika ndi senti zisanu. Kuti ndikagule, osinthitsa onse amafuna ugule zambiri, ndiye kenako ulipirenso potumiza. Ndinachita kudikira mpaka mnzanga wa ku Lusaka atanditumizira. Tsiku limenelo ndinali ndi ngongole ya nyumba. Ndiye inu mukamakambirana za ma byte, chonde kumbukirani kuti kwa ife funso ndi limodzi: ndalama zikalowa, ndizitulutsa bwanji mpaka zifike pa Airtel Money yanga?

Thoko: Chisomo wafotokoza nkhani yonse. Mphatso, netiweki yoyenera ndi imene kasitomala wako ali nazo kale ndalama komanso imene wantchito wako angatulutsirepo. Kusankha chifukwa choti gas ndi yotchipa kuli ngati kumanga golosale kuseri kwa phiri chifukwa malo kumeneko sakudula. Uyambe wafunsa anthu ako enieni: makasitomala amagula USDC kuti, ndipo kumeneko amalola kutumiza pa ma netiweki ati? Antchito amagulitsa kwa ndani, ndipo ogulawo amalandira pa netiweki iti? Mayankho amenewo ndi amene akusankhire.

Kondwani: Ngati n'choncho ndiye Tron. Anthu ambiri a P2P, ogulitsana crypto mwachindunji munthu ndi munthu, amafuna USDT ya pa Tron, ndalama inanso yotsatira dola.

Yamikani: Zoona kuti USDT imayenda kwambiri pa Tron. Solidity imagwiranso kumeneko, koma zida zake ndi zina: TronLink, TronWeb, ma adiresi oyamba ndi T, komanso nkhani ya energy ndi bandwidth m'malo mwa gas wamba. Kasitomala wa ku London kapena ku Toronto amene ali ndi MetaMask kapena akaunti ya Coinbase sumupeza kumeneko. Wantchito akalandira USDC pa netiweki yomwe exchange yake imalandira, akhoza kusinthira konko n'kugulitsa. Chofunika n'choti exchange imeneyo ikhale ikulandiradi USDC pa netiweki imeneyo, ndipo izi aziona pa tsamba la deposit asanatumize.

Limbani: Vuto la Chisomo ndi limene Celo inapangidwira. Kumeneko ukhoza kulipira gas ndi stablecoin yomweyo, monga USDC kapena USDT, osasowa CELO, ndalama ya netiwekiyo. Transaction imakhala ndi malo otchedwa feeCurrency, ndipo viem imawadziwa. MiniPay, wallet ya kampani ya Opera, yomwe inayamba mu 2023, imayendera pa Celo ndipo anaipangira mafoni wamba a Android. Kuyambira March 2025 Celo inasiya kukhala netiweki yoima payokha, ndi L2 ya Ethereum tsopano. Contract yako ya Solidity ilowa osasintha kanthu. Chain ID ndi 42220.

Thoko: Celo ndimaikonda pa mbali ya wantchito. Koma Limbani unene zonse: MetaMask siitumiza feeCurrency, ndiye amene akugwiritsa ntchito MetaMask afunikabe CELO. Ndipo amene akupanga escrow ndi kuikamo ndalama ndi kasitomala, osati wantchito. Kasitomala wa ku America amene ndalama zake zili ku Coinbase, kutumiza USDC pa Base n'kungodina kawiri, popeza Base ndi ya Coinbase yomweyo, inatsegulidwa mu August 2023. Ukamuuza kuti apite pa netiweki yomwe sanaimvepo, ambiri angonena kuti tiyeni tigwiritse ntchito njira yakale.

Limbani: Ndiye tikukondera kasitomala, wantchito azivutika?

Thoko: Ayi. Tikuti wopanda kasitomala palibe cholandira. Vuto la gas la wantchito likhoza kuthetsedwa pa netiweki iliyonse. Choyamba, function yotulutsa ndalama ilembedwe moti aliyense akhoza kuiitana kasitomala akavomereza, koma ndalama zizipita ku adiresi ya wantchito yokha. Ndiye seva ya Mphatso ikhoza kulipira gas imeneyo popanda kugwira ndalama za munthu. Chachiwiri, USDC yeniyeni ya Circle, kampani yomwe imaitulutsa, ili ndi transferWithAuthorization, ya EIP-3009: mwini ndalama amangosayina uthenga, wina n'kuutumiza ndi kulipira gas. Chachitatu pali ERC-4337, yomwe inayamba mu March 2023, pomwe paymaster amalipirira anthu gas. Yachitatuyi ndi ntchito yambiri, poyamba ndingayambe ndi ziwiri zoyambazo. Ngakhale kungotumizira wantchito aliyense watsopano ETH ya masenti 20 pa escrow yake yoyamba kungamufikitse kutali pa L2.

Chisomo: Zimenezo zikanandipulumutsa tsiku lija.

Mphatso: Nanga kabokosi kosankhira netiweki kaja? Poti Base ikukomera ena, Celo ena, bwanji osaika zonse ziwiri ndi Polygon yomwe?

Yamikani: Poyamba ayi, mphwanga. Netiweki iliyonse yomwe wawonjezera ndi factory ina, adiresi ina ya USDC, RPC ina (seva yomwe webusaiti imafunsirapo za pa blockchain), explorer ina, ndi njira ina yoti munthu asocherere. Ma adiresi a EVM amaoneka chimodzimodzi paliponse, 0x ndi zilembo 40. Munthu amakopera adiresi ya escrow ya pa Base, wallet yake ili pa Polygon, n'kutumiza. Transaction imadutsa bwinobwino, koma pa Polygon pa adiresi imeneyo palibe contract. Ndipo izi sizichitikira ongoyamba okha. Mu 2022 a Optimism anatumiza ma token awo a OP 20 miliyoni ku adiresi ya multisig ya Wintermute, kampani yaikulu ya malonda a crypto. Multisig imeneyo inalipo pa Ethereum koma pa Optimism inali isanapangidwe. Munthu wina anafulumira kupanga contract pa adiresi yomweyo n'kutenga ma token. Akatswiri amenewo. Ndiye womasulira amene ali pa foni, netiweki ya foniyo ikudukaduka?

Thoko: Ndiwonjezere tizinthu tomwe timaluma ukamayenda pa ma netiweki angapo ndi code imodzi. USDC pa Ethereum, Base, Arbitrum ndi Polygon ili ndi ma decimal 6, ndiye madola 100 ndi 100000000. Pa BNB Chain USDC ndi USDT zofala kumeneko zili ndi 18. Ukalemba 6 mu JavaScript n'kupita pa BNB Chain, kasitomala aika kachidutswa kosaoneka n'komwe webusaiti n'kumati walipira zonse. Uziitana decimals() nthawi zonse. Pa Polygon ndi Arbitrum pali USDC ziwiri, yeniyeni ya Circle ndi USDC.e yomwe inabwera kudzera pa bridge, njira yosamutsira ma token kuchoka pa netiweki ina, ndipo ndi ma contract osiyana. Adiresi ya token uyitenge pa tsamba la Circle, uyikhomere mu factory, kasitomala asamalembe yekha, apo ayi wina abweretsa token yake yabodza yotchedwanso USDC. Za nthawi, usawerengere masiku ndi block.number. Pa Ethereum block ndi masekondi 12, pa Base ndi 2, ndipo pa Arbitrum block.number imakupatsa nambala yoyandikira ya Ethereum osati ya Arbitrum. Gwiritsa ntchito block.timestamp. Mu 2023 Solidity 0.8.20 itayamba kutulutsa opcode ya PUSH0, ma netiweki ena anali asanailandire ndipo deploy inkakanika, ndiye evmVersion uziilemba wekha mu config m'malo mosiyira compiler.

Mphatso: Nanga munthu akafika pa webusaiti wallet yake ili pa netiweki ina?

Thoko: Usanamulole kudina chilichonse, funsa eth_chainId. Tinene wasankha Base: ngati si 8453, kapena 0x2105 mmene wallet imayankhira, batani lolipira likhale lozimitsidwa ndipo pakhale lina loti asinthe netiweki, loitana wallet_switchEthereumChain. Ikabweza 4902 ndiye kuti wallet siikuidziwa netiwekiyo, uitane wallet_addEthereumChain. Uzimvetseranso chainChanged, chifukwa munthu akhoza kusintha netiweki tsamba lili chitsegukire. Ndipo ufunsenso chain ID kachiwiri pa nthawi yeniyeni yotumiza. Adiresi ya escrow usaionetse ndi kabatani kokopera ngati kuti ndi yotumizirako ndalama pamanja. Kulipira kuzidutsa pa batani lako basi. Ukasamukira ku wagmi ndi viem zambiri mwa izi zili kale mkati, komanso WalletConnect, yomwe uifuna chifukwa anthu ako ambiri adzabwera pa foni osati pa laputopu.

Madalitso: Mwasankha kale Base ngati kuti ilibe chilema. Sequencer yake, makina ondandalika ma transaction, ndi imodzi, akuiyendetsa a Coinbase. Ya Arbitrum ndi imodzinso, ya Offchain Labs, ndipo mu December 2023 inaima kupitirira ola limodzi anthu ataidzaza ndi ma transaction ochuluka otchedwa ma inscription. Kutulutsa ndalama kuchoka pa optimistic rollup, L2 ya mtundu wa ziwirizi, kupita pa Ethereum kudzera pa bridge yake yeniyeni ndi masiku 7. Ma bridge ena achangu ndi kumene kwabedwa ndalama zambiri: Wormhole madola pafupifupi 320 miliyoni mu February 2022, Ronin opitirira 600 miliyoni mu March chaka chomwecho. Anthu azidziwa zimenezi.

Yamikani: Zonse wanenazo n'zoona ndipo Mphatso akawerenge pa tsamba la L2BEAT kuti aone amene ali ndi mphamvu zosintha ma contract a netiweki iliyonse. Koma tione mmene zikukhudzira escrow yake. Masiku 7 aja amakhudza amene akubwerera ku Ethereum. Wantchito wa madola 150 sabwerera ku Ethereum, amatumiza ku exchange molunjika. Bridge saigwira n'komwe ngati USDC yabwera kuchokera ku exchange, ndiye chifukwa chake tikulimbikira za USDC yeniyeni. Za sequencer, phunziro lake ndi la kalembedwe: pasakhale malire a nthawi a mphindi kapena maola. Ngati kasitomala ali ndi mpata wodandaula ntchito ikaperekedwa, ukhale wa masiku angapo, kuti netiweki ikaima ola limodzi wina asaluze ufulu wake. Solana nayo inaima pafupifupi maola 5 mu February 2024. Iliyonse ikhoza kuima.

Bambo Mwale: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Za ma byte ndikusiyirani, koma ndagwira ntchito ya ndalama zaka zambiri ndipo pali zomwe simunazitchule. Reserve Bank of Malawi inanena poyera mu 2019 kuti cryptocurrency si ndalama yovomerezeka m'dziko muno. Malamulo a ndalama zakunja nawo ndi okhwima, ndipo malipiro a ntchito yogwirira munthu wakunja ndi ndalama zakunja ndithu. Mphatso, usanatsegulire anthu, ukakhale pansi ndi loya wodziwa za ndalama. Umufotokozere bwino kuti ndani akugwira ndalama pa sitepe iliyonse. Ndaona wina pamwambapa akunena za seva yolipira gas. Kulipira gas ndi nkhani ina, koma tsiku limene seva yako idzakhale ndi kiyi yotha kusuntha ndalama za kasitomala, iweyo wasanduka wosunga ndalama za anthu, ndipo udzafunsidwa ngati wotero. Chinanso, woweruza wachitatu uja ndani? Ngati ndiwe wemwe pa migwirizano yonse, ndiye kuti anthu akukhulupirira iweyo, osati blockchain.

Mphatso: Zikomo bambo, ndamva. Woweruza ndimafuna azisankha okha, koma ndikuona kuti ambiri adzangosiya amene webusaiti yawaikira, ndiye adzakhala ine. Contract ndailemba moti woweruza angathe kugawa ndalama pakati pa awiriwo basi, sangazitumize kwina kapena kwa iye mwini.

Bambo Mwale: Chimenecho ndi chabwino, ndipo uchilembe pa webusaiti m'mawu oti aliyense amve. Ulembenso kuti USDC ili ndi mwini. Circle ikhoza kutseka adiresi, inachitapo mu August 2022 pa nkhani ya Tornado Cash. Mu March 2023 banki ya Silicon Valley Bank itagwa, USDC inatsika kufika pafupifupi masenti 87 kwa masiku ochepa isanabwerere. Anthu athu kuno anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, ndiye akamva kuti dola ya pa intaneti amathamangira. Ndi udindo wako kuwauza kuti si dola ya m'banki.

Thoko: Mfundo ya kutseka adiresi ikukhudzanso code. Ngati function imodzi ikutumiza kwa wantchito, kwa kasitomala ndi kwa iwe nthawi imodzi, adiresi imodzi ikatsekedwa transaction yonse imabwerera ndipo ndalama za onse zimakakamira. Lemba kuti aliyense ali ndi zingati, kenako gawo la aliyense lizituluka palokha.

Dalitso (admin): Mphatso, za RPC waganiza? Webusaiti ikamawerenga ma escrow a munthu asanalumikize wallet imafuna pofunsira.

Mphatso: Pano ndikugwiritsa ntchito yaulere ya pagulu.

Dalitso (admin): Poyesera ndi yokwana, koma za pagulu zimakuchepetsera mafunso, makamaka eth_getLogs ukafuna ma event a ma block ambiri. Tenga akaunti kwa opereka ngati Alchemy kapena Infura, uike malire oti kiyi yake izigwira pa domain yako yokha popeza ili poonekera mu browser, ndipo ukhale ndi yachiwiri yogwira yoyamba ikafooka. Ma event uziwasunga mu database yako kuti tsamba lizitseguka msanga pa bandulo yaing'ono, koma pa nthawi yonena kuti "ndalama zalowa, yambani ntchito" uzifunsa blockchain yeniyeni.

Kondwani: Chabwino ndagonja pa escrow iyi, koma version yachiwiri tidzakambirane za Solana. Kumeneko program imakhala imodzi, mgwirizano uliwonse ndi account yake, nkhani ya factory kulibe.

Thoko: Pamenepo ukunena zoona, kapangidwe kake kamagwirizana ndi escrow. Ukailemba ndidzaiwerenga.

Limbani: Ine ndikadali pa Celo. Mphatso, usatseke khomo. Factory ilembe moti adiresi ya token izilowa pa deploy, ndipo ma chain ID, ma RPC ndi ma adiresi onse akhale mu fayilo imodzi ya config. Ukadzaona kuti antchito ako ambiri ali pa MiniPay, kuwonjezera Celo idzakhala ntchito ya tsiku limodzi.

Mphatso: Ndichita chomwecho, achimwene. Ndayankhula ndi amene alonjeza kuyesa webusaitiyi poyamba. Makasitomala awo ambiri ali ku America ndi ku Britain ndipo amagula pa Coinbase, antchitowo amagulitsa pa P2P ya exchange yomwe imalandira USDC ya pa Base. Ndiye ndiyamba ndi Base yokha, factory ndi ma clone, ndipo kabokosi kosankhira netiweki ndakachotsa. Poyesera ndipite pa testnet, netiweki yoyesera ya Sepolia?

Yamikani: Pa Base Sepolia, chain ID 84532, osati Sepolia ya Ethereum yomwe ndi 11155111. Ndi ziwiri zosiyana ngakhale dzina likufanana. USDC yoyesera imapezeka pa faucet ya Circle, tsamba logawa ma token oyesera, gwiritsa ntchito imeneyo m'malo mopanga token yako, kuti uyese ndi ma decimal 6 ndi EIP-3009 zenizeni. Ukaona maphunziro akale akunena za Goerli kapena Mumbai uwadumphe, ma testnet amenewo anasiyidwa.

Chisomo: Ikakonzeka munditumizire link ndiyese pa foni yanga. Ndi ya Android yakale ndithu, ikatseguka pamenepo ndiye kuti itseguka kwa aliyense. Ndikufuna ndione ngati ndingafike mpaka potulutsa ndalama popanda kufunsa munthu.

Thoko: Usanaike pa mainnet, netiweki ya ndalama zenizeni, kiyi yopangira deploy isakhale yomwe ili mu MetaMask ya tsiku ndi tsiku, ndipo isalowe mu GitHub ngakhale mu fayilo ya .env. Ngati factory ili ndi mwini, umwiniwo upite ku Safe, wallet ya multisig, ya anthu awiri mwa atatu. Miyezi yoyamba ika malire mu factory, tinene madola 500 pa escrow, kuti cholakwika chikapezeka chisapweteke kwambiri. Upange verify contract yachitsanzo ndi factory pa Basescan, uyendetse Slither yofufuza zolakwika mu code, kenako uike repo pano. Ndili ndi mpata Loweruka masana, ndiyamba ndi initialize ndi function ya woweruza ija.

Mphatso: Zikomo chemwali. Repo ndiika Lachisanu usiku, pamodzi ndi ma test a Foundry a njira zonse zitatu: kuvomereza, kudandaula, ndi kasitomala amene wangosowa osayankha.